Thirakitala ndi Apongozi a Jonas

Thirakitala yoyamba ya pa esiteti ija inatsika sitima pa Luchenza mu Okutobala 1929. Alipo amene amati inakwera chitunda cha ku Thyolo ikuyenda yokha, ikubangula msewu wonse. Si zoona. Pa siteshoni panalibe munthu wodziwa kuiliza, choncho anaikankhira pangolo yaikulu, ndipo ng'ombe zomwe inabwera kudzazilanda ntchito ndi zimene zinaikoka mpaka kukafika nayo. Amene anagwira chikwapu tsikulo anali Jonas.

Jonas anawoloka Ruo ali kumsana, makolo ake akuthawa Apwitikizi, ndipo anakulira pakhola la esitetiyo. Ng'ombe ankazidziwa kuposa abale ake. Ankadziwa yaulesi, yonamizira kutsimphina, ndi ina yomwe inkakoka pokhapokha ukaitchula dzina mwaulemu. Za zitsulo sankadziwa kanthu kupatula tcheni ndi khasu.

Mkulu wa esitetiyo anali mzungu wamimba amene anthu ankamutcha Tsabola, chifukwa akakwiya nkhope inkapsa kuyambira m'khosi. Iye anaitanitsa Jonas pakhonde la ofesi n'kumuuza zinthu ziwiri. Choyamba, ng'ombe zigulitsidwa kwa opha nyama a ku Limbe. Chachiwiri, popeza Jonas ankatha kuyendetsa ngolo osaigwetsera m'ngalande, ayesedwa pampando wa thirakitala. Ikakwana nyengo yowoka mbande za tiyi mu Disembala iye asanaidziwe, mpandowo upita kwa kapitawo Stafford, ndipo Jonas akalowa m'gulu lozula zitsa kumunda watsopano.

Kuzula zitsa ndi ntchito yowawa, koma anthu ankaigwira osafa. Vuto linali kwina. Gululo linali m'manja mwa Stafford yemweyo, ndipo Jonas, pamowa wina, anali atanena kuti Stafford anaikidwa pa zitsa chifukwa mutu wake ndi wa mtundu womwewo. Mawuwo anafika kwa mwini wake mowa usanathe m'mbiya. Kuyambira pamenepo Stafford ankasunga chitsa china cha mbawa, chachikulu ngati nkhokwe, chimene ankauza aliyense kuti n'cha Jonas yekha.

Wophunzitsa anamubwereka kwa mmwenye wina wa sitolo ku Bvumbwe. Dzina lake anali Che Mwamadi, dalaivala wa lole, munthu wamfupi wa kofia yoyera imene sinkada ngakhale mwini wake atatuluka pansi pa injini. Ntchito yophunzitsayi sankaifuna, ndipo sankabisa.

"Achimwene, iwalani ng'ombe," anatero m'mawa woyamba, akuzungulira thirakitala ija m'shedi. "Ng'ombe ili ndi makutu. Ichi chilibe. Mukachitukwana, mwangodzitukwana nokha."

"Nanga chimamva chiyani?" anafunsa Jonas.

"Phazi. Limodzi lokha, lamanja. Kwerani."

Jonas anakwera. Mpando unali chitsulo chobowolabowola ngati chosefera. Kumbuyo kunali magudumu awiri achitsulo, aatali kufika m'chifuwa, okhala ndi mano ngati makasu. Pansi pa phazi lamanja panali chopondera chimodzi. Pafupi ndi bondo lamanzere panali ndodo yachitsulo ya mutu wobulungira. Jonas anayang'ana pansi kufuna chopondera china, chifukwa anali ataona kuti lole ili ndi zitatu.

"Musavutike, palibe," anatero Che Mwamadi. "Amene anapanga ichi ankadziwa kuti chidzakwera ndi anthu ngati inu. Moto wa injini mumawonjezera ndi dzanja, pakandodo aka ka pansi pa chiwongolero. Phazi lili ndi ntchito imodzi basi. Ichi ndi kalachi. Ndodoyo ndi giya."

"Zimatani?"

Che Mwamadi anakanda ndevu. "Muli pabanja?"

"Ndili pabanja."

"Pepani. Ndiye mumva msanga. Injini ndi mwamuna, magudumu ndi mkazi. Phazi likakhala pambali, awiriwa agwirana, ndipo kumene akupita mwamuna mkazi akupitanso. Mukaponda, mwawalekanitsa. Mwamuna azibangula, mkazi ali phee. Mukapondereza mpaka pansi penipeni, mwamugwiranso mkaziyo mkono kuti asatsetsereke. Buleki wake ndi yemweyo."

"Nanga giya?"

"Giya ndi ankhoswe. Alipo anayi. Woyamba amayendetsa banja ngati anthu operekeza maliro. Wachiwiri ngati munthu wopita kumunda, ndipo ndi amene muzigwira naye ntchito. Wachitatu ndi wa pamsewu wabwino, ndipo kuno msewu wabwino kulibe. Wachinayi amabweza anthu kumbuyo, monga amachitira ankhoswe ambiri. Koma simusintha nkhoswe anthu ali chigwirane. Pondani kaye, sunthani ndodo, kenako chotsani phazi pang'onopang'ono ngati mukutuluka m'nyumba ya eni ake."

"Ndodo ikakhala pakati?"

"Pakati palibe nkhoswe, palibe ukwati. Chotsani phazi, tsikani, kakodzeni, mudzachipeza pompo. Musanachotse matako anu pampandopo, ndodo pakati. Mwamva?"

Jonas anati wamva, ndipo zambiri anamvadi. Anaphunzira kupukusa chitsulo cha kutsogolo osakulunga chala chachikulu, kuti injini ikabweza isamuthyole dzanja. Anaphunzira kuiliza ndi petulo n'kuipatsa palafini ikatentha. Masiku oyamba ankachotsa phazi mwadzidzidzi, thirakitala n'kudumpha ngati chule, iye n'kutsala atakumbatira chiwongolero. Pofika pakati pa Novembala ankainyamula bwinobwino, ndipo akakhota ankaiuzabe kuti "bwera kuno, iwe," koma motsitsa mawu.

Chimene chinamukanika chinali ndodo m'mawa. Mafuta a m'mimba mwa thirakitala ankagona ataundana ngati phala la dzulo, ndipo ngakhale uponde bwanji, mwamuna ndi mkazi sankalekana msanga. Ukakankha ndodo, mano a m'kati ankakukuta mokweza moti agalu a kumalaini, kumene kunkagona antchito, ankayankha. Phokosolo linkafika kunyumba ya Tsabola pamwamba pa phiri. M'mawa wina mzunguyo anatsika ndi sopo wometera kumaso, tsaya limodzi lometa, lina ayi.

"Iwe Jonas, mano amenewo chokera kutsidya kwa nyanja," anatero m'Chinyanja chake chothyokathyoka. "Thyoka, palibe mera ena. Ine imva kachiwiri, iwe pita kwa Stafford."

Tsiku lomwelo Jonas anadziikira lamulo lake. Ndodo ikalowa m'mawa, yalowa, ituluka poweruka. Akafuna kuima, ankangoponda n'kukhala chipondere mpaka anthu atamaliza kukweza kapena kutsitsa katundu. Mwendo wamanja unkanjenjemera, thukuta linkatsika m'kabudula, koma mano sankalira. M'mawa ankadikira kuti Tsabola apite kufakitale, kumene makina ankaphimba phokoso lililonse, ndipo apo m'pamene ankalowetsa nkhoswe wachiwiri mokakamiza.

Che Mwamadi anaona. "Achimwene, ndinati ndodo pakati."

"Phazi langa ndi lolimba, Che Mwamadi."

"Phazi ndi la munthu. Munthu amaitanidwa, amalumidwa ndi linthumbu, amayetsemula."

"Ine sindiyetsemula pantchito."

Che Mwamadi anayang'ana kumwamba ngati akufunsa chimene analakwa, n'kupita kukaswali kuseri kwa shedi.

Jonas ankakhala chikamwini m'mudzi wa kuseri kwa fakitale, pamalo a esiteti, kwawo kwa mkazi wake Anesi. Nyumba yawo inayang'anizana ndi ya apongozi ake, a Alesi. Chikwatirireni Jonas anali asanawayang'anepo kumaso, monga mwambo unkafunira. Ankawadziwa ndi chifuwa chawo, ndi zidendene zong'ambika, ndi nsalu yobiriwira imene ankavala popita kuntchito. Akakumana panjira, mkamwini ankayenera kupatuka, kulowa patchire n'kufulatira mpaka apongozi atadutsa. Kunena zoona, apongozi nawonso ankayenera kupatukako pang'ono. Koma a Alesi ankati anakula kwambiri moti sangapatukire munthu amene akudya chimanga cha m'munda mwawo, choncho kupatuka konse kunkagwera Jonas.

Kulankhulana kunkadzera mwa Anesi. Madzulo ena, dzuwa likadalipo, Jonas ali m'nyumba akusisita mwendo, a Alesi anaima pabwalo n'kuyamba kulankhula ndi khoma.

"Anesi, ndamva kuti kuli anthu ena masiku ano akungokhala pampando tsiku lonse ngati bwanamkubwa."

"Akumva okha, amayi," anatero Anesi, akupeta nandolo pakhomo.

"Ine sindikulankhula nawo, ndikulankhula ndi iwe. Uwafunse ngati munthu akakhala pamwamba paja amaonanso anthu oyenda pansi."

"Uwauze kuti amaona," Jonas ananong'ona.

"Akuti amaona."

"Uwafunse ngati amatsika."

"Uwauze kuti amatsika."

"Akuti amatsika, amayi. Kodi sindingapete nandolo wanga mwamtendere?"

"Peta, mwana wanga. Ine ndimangofunsa. Mwana wa a Lestina anakwatiwa ndi mnyamata amene anapatsidwa njinga ya mesenjala, lero amadutsa apongozi ake akuliza belu."

Mvula inayamba kumapeto kwa Novembala, ndipo sabata yachiwiri ya Disembala Tsabola anati nthawi yoyesa yakwana. Ntchito inali yosavuta kunena: kukoka ngolo yodzaza mbande za tiyi kuchokera ku nazale, kutsika nayo msewu wa kumtsinje, kuwoloka mlatho wamitengo n'kukaitula kumunda watsopano. Che Mwamadi anauzidwa kuti atsale kushedi. Tsabola mwini wake anakwera pangolo, n'kukhala pabokosi pakati pa mbande, ambulera ili m'manja. Stafford ndi gulu lake anali m'mbali mwa msewu akutsegula ngalande, ndipo atamva injini onse anaimika makasu.

"Chitsa chako chikupereka moni," anatero Stafford thirakitala ikudutsa.

Jonas anangoyang'ana kutsogolo. Anali pa nkhoswe wachiwiri, amene anamulowetsa Tsabola asanafike, magudumu akuluma dothi lofiira, chipewa chake cha mlaza chili pamphumi. Zonse zinkayenda bwino moti anayamba kuganiza za mmene adzayendere Lamulungu popita kutchalitchi.

Pamene msewu unayamba kutsetsereka, anaona amayi akukwera kuchokera kumtsinje, makasu paphewa, akupita kukapalira. Atamva phokoso, onse anapatukira m'mbali. Mmodzi yekha sanapatuke. Anali wa nsalu yobiriwira.

Jonas anatsitsa maso msangamsanga n'kuponda mpaka pansi. Thirakitala inaima, injini ikugunda.

"Chiyani?" anafunsa Tsabola kumbuyo. "Pita."

A Alesi anaima pakati pa msewu. Anatula dengu, n'kuyamba kukonza nkhata yawo mosafulumira, ngati munthu amene ali pakhonde pake. Jonas ankaona zidendene zokha pansi pa mlomo wa chipewa, koma ankadziwa kuti amayi onse aja akuyang'ana iye. Anali atakhala pansi apongozi ali chilili. Anali pamwamba iwo ali pansi. Chipewa chinali kumutu, nkhope yalunjika kwa iwo. Zinthu zimenezi zinali zisanachitikepo m'mudzi mwawo, ndipo iye ankazichita zonse nthawi imodzi.

"Iwe Jonas, ine nena pita."

Dzanja lamanzere linafika pandodo. Kenako Jonas anakumbukira mano aja, ndi kuti khutu la Tsabola linali pafupi ndi khosi lake. Ndodo ikatuluka iyenera kulowanso, ndipo ikalira polowa, chitsa cha mbawa chikumudikira. Anachotsa dzanja. A Alesi anatsokomola kamodzi. Mutu wa Jonas unali ukadali pamlandu, koma thupi lake linali litazolowera chifuwa chimenecho kwa zaka, ndipo silinadikire chigamulo. Anapezeka ali pansi, chipewa m'manja, atalowa m'tchire la m'mbali mwa msewu, atafulatira, mphuno ili pafupi ndi mtengo wa bulugamu.

Chopondera chinabwerera m'malo mwake. Mwamuna ndi mkazi anagwirana.

Thirakitala inadumpha kamodzi, Tsabola n'kugwa chagada m'mbande, ndipo inanyamuka. A Alesi anatola dengu lawo n'kusuntha mapazi pang'ono, chitsulo n'kuwadutsa pambali. Kanali koyamba anthu kuwaona akupatukira chinthu panjira.

Zotsatira zake Jonas sanazione, anangozimva. Anamva injini ikutsika msewu mosatekeseka, pa liwiro la munthu wopita kumunda. Anamva Tsabola akuilamula kuti iime, poyamba m'Chingerezi, kenako m'Chinyanja, kenako ndi mluzu umene anthu amaimitsira ng'ombe. Anamva mapazi a Stafford akuthamanga m'matope.

"Bwana, nditani?"

"Ponda!"

"Ndiponde chiyani, bwana?"

"Chitsulo!"

"Zonsezi ndi zitsulo, bwana."

Jonas anafuna kucheuka, koma khosi linakana. Chifuwa chija chinali kumbuyo kwake kwenikweni. A Alesi sanadutse. Anaima pamsewu pomwepo ndi mnzawo a Lestina, akuonerera.

"Chikuyenda bwinotu chopanda munthu," anatero a Lestina.

"Ndiye amamulipira chiyani?" anatero a Alesi.

"Taonani bwana akukwawa. Akufuna awoloke pampini wa ngolo akafike pampando."

"Ndi mimba imeneyo?"

"Abwerera. Ambulera yagwa."

"Koma mkamwini wanga anatsika, a Lestina. Mwaona nokha. Anatsika ngati munthu woleredwa."

"Anatsikadi. Wanga uja akanaliza belu."

Thukuta linkayenderera m'msana mwa Jonas. Msewuwo ankaudziwa ngati chikhatho chake. Pansi pa chitundacho unkakhotera kumanzere kupita pamlatho, ndipo thirakitala inalibe amene akanaiuza zimenezo. Kutsogolo kwake kunali gombe ndi madzi a mvula ya usiku wathawo. Anatsokomola, kuti mwina apongozi akumbuke kuti kuli munthu m'tchire.

"Bulugamu uyu ali ndi chimfine," anatero a Alesi.

"Mayi, mulekeni mwana apite," anatero a Lestina. "Chikalowa m'madzi chija, mwana wanu adzakhala mkazi wa wozula zitsa."

A Alesi anaganiza kaye. Kenako anasenza dengu. "A Lestina, auzeni bambo ali m'tchirewo kuti ine ndadutsa. Muwauzenso kuti chinthu chawo chikupita kukamwa madzi."

Jonas sanadikire kuti a Lestina abwereze. Anatuluka m'tchire chammbali ngati nkhanu, kuti maso asagwere kumene sayenera, ndipo atangoona msewu wopanda nsalu yobiriwira anathamanga. Anadutsa ambulera. Anadutsa mbande zomwazika. Anadutsa Stafford, amene ankathamanga pambali pa ngolo dzanja lili pachipumi, akuperekabe sawatcha. Thirakitala inali itasiya kale msewu pokhota paja, ikuthyola udzu molunjika kumtsinje.

Kukwera kuchokera m'mbali kunali kudzipereka kwa mano a magudumu. Jonas anagwira ngolo kumbuyo, anakwera, anaponda mbande, anapepesa podumpha miyendo ya Tsabola, anayenda pampini wa ngolo manja ali m'mwamba, n'kudzigwetsa pampando. Anaponda ndi mphamvu zonse za mwendo umene anaulimbitsa mwezi wathunthu. Thirakitala inaima magudumu akutsogolo ali m'madzi.

Tsabola anatsika pangolo pang'onopang'ono, dothi la mbande lili m'tsitsi, nkhope itapsa mpaka m'makutu. Anayenda m'matope n'kudzaima pambali pa gudumu, akuyang'ana Jonas m'mwamba.

Pa esiteti ija munthu wakuda sankakhala pansi mzungu ali chilili. Jonas anamva matako ake akunyamuka pampando, ndipo phazi linayamba kupepuka. Thirakitala inasuntha pang'ono.

"Khala!" anakuwa Tsabola, akudumphira kumbuyo. "Khala pansi, iwe."

Jonas anakhala. Panalibenso choti ataye. Anagwira ndodo ndi dzanja lamanzere, anatseka maso kudikira kulira kwa mano, n'kukoka. Ndodo inatuluka mwakachetechete ngati mpeni m'chimake. Anaikankhanso kuti aone, ndipo inalowa chimodzimodzi, osalira. Anaibweza pakati. Mafuta anali atatentha kalekale n'kusungunuka. Mano aja ankakukuta m'mawa mokha, ndipo iye anali atazunza mwendo wake masana onse a Novembala popanda chifukwa. Anachotsa phazi pang'onopang'ono. Injini inapitiriza kubangula yokha, magudumu ali phee. Apo anatsika, n'kuima bwinobwino pamaso pa Tsabola, madzi ali m'akakolo.

Mlandu unakambidwa masana pakhonde la ofesi. Tsabola anali atasamba n'kusintha malaya, koma mtundu wa nkhope unali usanabwerere. Che Mwamadi anaitanidwa kuti amasulire pamene Chinyanja cha mzunguyo chikathere. Stafford anaima pafupi ndi masitepe, chifuwa patsogolo.

"Chifukwa chiyani iwe lumpha?" anafunsa Tsabola.

"Apongozi, bwana."

"Ndani?"

Che Mwamadi anafotokoza m'Chingerezi cha pamsewu, akuloza ndi manja: mayi wa mkazi, njira, tchire, msana. Tsabola anamvetsera kukamwa kuli yasa.

"Iye opa nkhalamba kuposa ine?"

Jonas anayang'ana zala zake za kumapazi.

"Basi," anatero Tsabola. "Stafford kwera mawa. Mwamadi phunzitsa iye."

Che Mwamadi anatseka maso. Mwezi wina m'shedi ija, kutali ndi lole yake, akufotokozera Stafford za ankhoswe. Atatsegula maso, anali ndi nkhope ya munthu wofuna kuthandiza.

"Zili bwino, bwana. Kungoti tidziwiretu misewu yoti tizipewa. A Stafford, apongozi anu amakhala kuti?"

"M'mudzi wa kuseri kwa fakitale," anayankha Stafford monyinyirika.

"Mukakumana nawo mumatani?"

"Ndimachita zimene munthu amachita."

"Awo ndi a mkazi wa kutchalitchi. Nanga aja a ku Khonjeni, amene amabwera ndi nthochi pageti? Ndinawanyamulapo pa lole. Amakutamani kwambiri, akuti mumalowa m'tchire ngakhale muli minga."

Stafford anayang'ana uku ndi uku kuti aone amene wamva. Kalaliki wa mu ofesi, amene anali mkulu wa mpingo, anali atasiya kulemba.

"Awiri?" anafunsa Tsabola, akuimika zala.

"Amene ndikuwadziwa ine, bwana," anatero Che Mwamadi.

Tsabola anakhala pansi. Anafunsa ngati pa esiteti yonse panali mwamuna wopanda apongozi. Anthu anaganiza mofatsa. Kalaliki anatchula a Elson, mlonda wa pageti, amene anaika m'manda apongozi ake onse nkhondo ya Jeremani isanayambe. Koma a Elson anali ndi diso limodzi, ndipo nalonso linkaona bwino zinthu zikakhala pafupi ndi mphuno.

Mzunguyo anapukuta nkhope ndi kansalu. Anayang'ana Stafford, anayang'ana Jonas, ngati munthu wosankha pakati pa mbatata ziwiri zofumbwa.

"Iwe Jonas, imva bwino. Iwe pampando, palibe imirira. Palibe vula chipewa. Ine dutsa, iwe khala. Dona dutsa, iwe khala. Bwanamkubwa dutsa, iwe khala."

"Nanga apongozi, bwana?"

Khosi la Tsabola linayambanso kufiira, koma anapuma kaye. "Ponda. Ndodo pakati. Kenako pita gwada kumene iwe funa."

Che Mwamadi anabwerera ku Bvumbwe tsiku lotsatira, osatsanzika Stafford. Jonas anatsala pampando. Lamulo latsopanolo linamuvuta kuposa giya. Nthawi yoyamba imene anadutsa Tsabola ali chikhalire, chipewa kumutu, khosi linamuwawa mpaka madzulo, ndipo amuna a m'ngalande anaimika makasu kudikira kuti mphezi igwe. Sinagwe. Pofika Khirisimasi ankadutsa mzunguyo atawongola msana, nthawi zina n'kuwonjezera moto pang'ono kuti utsi umupeze.

A Alesi anakumana nayenso mu Januwale, pamsewu womwe uja, ngolo ili yopanda kanthu pobwerera kumunda. Anali ndi a Lestina, aliyense ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Jonas anaona nsalu yobiriwira patali. Anaponda, anabweza ndodo pakati, anachotsa phazi, anadikira kuti aone ngati chinthucho chili pheedi, kenako anatsika n'kukafulatira patchire.

Apongozi sanafulumire. Anazungulira thirakitala yonse, anagogoda gudumu ndi chala, ananena kuti ikununkha ngati nyali. Kenako Jonas anamva chinthu cholemera chikugwera pangolo, n'kutsatira china.

"A Lestina, auzeni bambo ali m'tchirewo kuti mitolo iwiriyi akaitule pakhomo panga. Wanuwo mudzatengera kumeneko. Muwauzenso kuti Lachisanu tidzakhala ndi chinangwa."

Mapazi awo atazimirira kumtunda, Jonas anatuluka, anayang'ana nkhunizo, anayang'ananso phiri kumene kunali nyumba ya Tsabola. Anadula udzu pang'ono n'kuphimba mitoloyo. Kenako anakwera, anaponda, n'kulowetsa nkhoswe wachiwiri.